Zikomo nonse amene munatithandiza pa mkumano wathu ku Chibavi

M'malo mwa anzanga onse amene tinakulira m'kalabu ya achinyamata ya kwathu ku Chibavi, ndikuthokoza aliyense amene anathandiza kuti mkumano wa Loweruka lapitali utheke.

Choyamba, inu amayi amene munatiphikira. Munafika m'bandakucha, kukuzizira monga mudziwira Mzuzu, nkhuni zili zonyowa, koma pofika masana kondowole ndi batala wochokera ku Nkhata Bay zinali zitapsa. Anzathu obwera kuchokera ku Johannesburg anapempha mbale yachiwiri osachita manyazi.

Inu achimwene a kabaza a pa Katoto, dzina lanu sitinafunse n'komwe. Munaona agogo athu, amene ankatiphunzitsa zisudzo ndi mpira wamanja kalelo, atasokonekera njira mvula ikuwaza, n'kuwafikitsa pakhomo penipeni. Ndalama munakana. Mulungu akudalitseni, anthu otere akusowa masiku ano.

Tikuthokozanso a sukulu potibwereka holo, komanso inu a ku Lilongwe ndi ku Blantyre amene munatumiza kangachepe pa Airtel Money ndi Mpamba. Ndalama zotsala tagwirizana kuti tigulire mipira ana amene ali m'kalabumu panopa. Amene muli ndi zithunzi zakale, tumizani pa gulu la WhatsApp lija.