Zikomo achimwene a ku Limbe ndi amayi a mu minibasi

Ndikuthokoza achimwene a pa shopu ya makompyuta ku Limbe, amene munandiletsa kugula laputopu yonyezimira ija ya RAM (memori yomwe kompyuta imayendetsera mapulogalamu) 4GB, pamene ndimafuna yogwirira ntchito yanga yojambula pa kompyuta. Munati, "Achemwali, mapulogalamu ojambulira a Photoshop ndi CorelDRAW amadya RAM. Pezani ya 16GB yokhala ndi SSD, chosungira mafayilo chothamanga chija, ngakhale ikhale yakale." Munayesanso batire ine ndikuona, poti magetsi akathima kwathu ku Ndirande, kasitomala safuna kumva zimenezo.

Nanunso amayi a mu minibasi ya ku Chilomoni, munandimva ndikutchula maina achingerezi pafoni n'kundiuza kuti, "Mwanangu, dzina la bizinesi likhale loti agogo ako athe kulitchula." Ndinaseka, komatu ndalembetsa lachichewa, lochokera ku utawaleza. Mukadzafuna chikwangwani cha geni yanu, ndidzakujambulirani ulere.