Jigi ndi trailer yake: kuwedza bass m'madamu a m'minda ya tiyi

Nthawi zambiri nsomba ya bass imagwira jigi, nyambo yochita kupanga ya mbedza yokhala ndi mutu wa mtovu, pamene jigiyo ikumira, kapena itangogunda pansi kumene. Choncho chofunika kuchiganizira musanaponye ndi liwiro limene jigi yanu imamirira. Liwirolo limachokera ku zinthu ziwiri: kulemera kwa mtovu, ndi kukula kwa trailer, kachinthu ka pulasitiki yofewa kamene mumaveka pa mbedza. Ambiri amatha nthawi posankha mtundu, wakuda kapena wobiriwira, koma za kamiridwe osaziganizira n'komwe.

Bass kwawo ndi ku North America. Kuno inachita kubwera nayo anthu n'kuiika m'madamu, ndipo ena mwa madamuwo ndi a m'maesiteti a tiyi ku Thyolo ndi Mulanje. Madamu amenewa ali ndi eni ake, ndiye yambani mwapempha chilolezo ku ofesi ya esiteti, kuti tsiku lisathere pokambirana ndi alonda. Nsombayi ndi yobisalira. Imakhala phee pafupi ndi chitsa, pansi pa mtengo wa bulugama umene unagwera m'madzi, m'mphepete mwa bango, pansi pa masamba a kakombo, kapena pa miyala ya khoma la damu, kudikira matemba, ana a makumba ndi chilunguni, achule ndi nkhanu. Malo amenewa ndi omwe amadya mbedza za anthu, ndipo jigi anaipangira malo omwewo.

Jigi ili ndi mutu wa mtovu woumbidwira pa mbedza yokhuthala, kawirikawiri ya saizi 3/0 mpaka 5/0. Pamutupo pamatuluka timaulusi touma ngati ta burashi, toima kutsogolo kwa nsonga ya mbedza kuti isakodwe. Kumbuyo kuli siketi ya timizere ta silicone. Pa paketi kulemera amalemba mu ma ounce: 1/4 ndi magalamu 7, 3/8 ndi pafupifupi magalamu 11, 1/2 ndi magalamu 14, ndipo 3/4 ndi magalamu 21. Wowedzera pamtunda, m'madzi osapitirira mamita atatu, ya 3/8 imamukwanira pafupifupi chaka chonse. Ya 1/2 ndi ya pakhoma la damu pamene pali pakuya, kapena tsiku la mphepo. Ya 3/4 m'madamu ang'onoang'ono imangodzikwirira m'matope, ndipo sindiona chifukwa choionongera ndalama pokhapokha mukufuna kuboola udzu wothithikana.

Jigi yatsopano musaimange momwe yachokera m'paketi. Igwireni mutu uli m'mwamba, siketi ilendewere, ndipo muidule ndi sizasi kuti ingopitirira pokhota pa mbedza ndi sentimita imodzi. Siketi yaitali imaphimba trailer, komanso bass imangoluma nsonga zake osafika pa mbedza. Kenako yang'anani timaulusi toteteza tija. Tikanikizeni ndi chala: ngati tikulimba kwambiri, titambasuleni mbali ndi mbali, kapena dulani titatu kapena tinayi m'tsinde mwenimweni. Musatifupikitse kwambiri, chifukwa ulusi waufupi ndiye umauma koposa, ndipo nsomba ikaluma mbedza siitulukira.

Tsopano trailer. Zambiri zimene zimagulitsidwa anazipanga motsanzira crayfish, kanyama ka zipani ziwiri kamene bass imadya kwawo. M'mitsinje ndi m'madamu a kuno muli nkhanu, ndipo chinthu cha zipani choyenda pansi pa madzi bass ya kuno imachidziwa bwino. Pali za zipani zazikulu zimene zimakupiza jigi ikamamira, pali zafulati zimene sizigwedera kwenikweni, ndiye pali zooneka ngati kansomba, za mchira wopalasa. Ya zipani zokupiza imagwira madzi, motero imachedwetsa jigi. Yafulati ndi yopyapyala imailola kutsika msanga. Izi zikutanthauza kuti jigi imodzi ya 3/8 mutha kuisandutsa nyambo ziwiri kapena zitatu pongosintha trailer, osadula chingwe. Yesani pafupi ndi mapazi anu pamene pansi pakuoneka: imizeni ndi trailer iyi, muwerenge, imizeni ndi inayo, muwerengenso. Mudabwa kusiyana kwake.

Posankha, tsatani kutentha kwa madzi. Mu Juni ndi Julayi, makamaka masiku a chiperoni pamene nkhungu yaphimba phiri ndipo kukuwaza kamvula kozizira, thupi la bass limazizira limodzi ndi madzi, ndipo siithamangitsa chakudya. Imafuna chinthu chotsika pang'onopang'ono, chosachita phokoso: jigi ya 1/4 kapena 3/8 ndi trailer yonenepa koma yosakupiza. Mu Okutobala ndi Novembala, madzi atafunda, ipatseni yokupiza mwamphamvu, kapena yomira mwaliwiro kuti igwire isanaiyang'anitsitse. M'madzi oyera liwiro limathandiza pa chifukwa chomwecho. M'madzi a dzinja, ofiira ndi dothi lokokoloka m'minda, nsomba imadalira kumva kugwedera kwa madzi kuposa maso, ndiye trailer ikhale yaikulu, yokupiza, yomira mochedwa.

Kuveka trailer ndi pamene pamalakwika zambiri. Iyikeni kaye pambali pa mbedza muone pamene mbedzayo iyenera kutulukira, mugwire pamenepo ndi chikhadabo. Ngati yatalika, dulani kumutu sentimita imodzi kapena ziwiri. Yonse ya masentimita 7 mpaka 10 imakwana. Lowetsani nsonga pakatikati pa mutu, yendetsani m'kati mowongoka, tulutsirani pamalo munagwira paja, n'kuikankha mpaka ikagwire pa kamnga kamene kali pansi pa siketi. Zipani zigone chafulati, china kumanja china kumanzere. Trailer ikapindika ngakhale pang'ono, jigi imagudubuka cham'mbali, chingwe chimapotana, ndipo nsonga ya mbedza imayang'ana ku nthambi m'malo moyang'ana kumwamba. Ivuleni muyambirenso. Kadontho kamodzi ka super glue pamutu pake kamaletsa trailer kutsetsereka, ndipo imodzi imatha kupirira nsomba zingapo. Zinthuzi n'zosowa kuno, ambiri amachita kuitanitsa kwa obwera kuchokera ku South Africa, ndiye guluuyo ndi ndalama.

Za mitundu sindichedwapo. Wobiriwira modera, umene pa paketi amalemba green pumpkin, kapena wa khofi, ndi wa madzi oyera. Wakuda wosakaniza ndi buluu ndi wa madzi a matope, m'mamawa kusanayere, ndi tsiku la mitambo. Trailer ifanane ndi siketi. Basi.

Ndodo ikhale ya mamita 2.1 kapena kupitirira pang'ono, yolimba msana, yolembedwa medium heavy. Ndodo yofewa siingalowetse mbedza yokhuthala chonchi m'kamwa mwa bass. Chingwe cha fluorocarbon (chooneka ngati nayiloni koma cholemerako) cha 15 mpaka 20 lb, umene ndi muyeso wa kulimba kwa chingwe, chimamira bwino ndipo chimapirira kukhulika pa zitsa. M'bango ndi m'kakombo braid (chingwe cholukidwa) ya 40 kapena 50 lb ndiyo imadula masamba. Nayiloni wamba amagwira ntchito, koma amatamuka, ndiye musaponye patali. Mfundo yake mangani ya Palomar: pindani chingwe pawiri, chilowetseni pa diso la jigi, mangani mfundo wamba osaikoka, pititsani jigi yonse m'bowo la chingwe chopindacho, nyowetsani ndi malovu, n'kukoka pang'onopang'ono. Mukakoka chouma chimapsa, n'kudzadukira pomwepo nsomba yaikulu itagwira.

Fikani pa damu mwakachetechete, osaponda mwamphamvu, ndipo chithunzithunzi chanu chisagwere pamadzi. Yambani ndi zitsa zapafupi musanaponye kutali. Ponyani chapansipansi, mogwedeza jigi kuchokera m'munsi, kuti ilowe m'madzi mopanda phokoso, pafupi kwenikweni ndi chobisalamo. Mita imodzi pambali ndi kutali kale. Ikangolowa, tsitsani ndodo kuti chingwe chikhale chomasuka pang'ono. Mukachikunga, jigi siitsika molunjika. Imabwerera kwa inu, kuchoka pa chitsa pamene pali nsomba.

Apa maso akhale pa chingwe, pamene chikulowera m'madzi, ndipo muziwerenga mumtima. Tinene kuti pamalopo jigi imafika pansi mukawerenga mpaka 6. Ulendo wina chingwe chaima muli pa 3. Pansi sipanakwere ayi, imeneyo ndi nsomba. Chimodzimodzi chingwe chikadumpha kamodzi, chikayamba kuyenda cham'mbali, kapena chikapitirira kumira mutadutsa kale 6. Jigi ikafika pansi popanda kanthu, isiyeni masekondi atatu kapena asanu kuti siketi itambasuke, kenako inyamuleni ndi ndodo masentimita 20 kapena 30, ndi kuilola igwenso. Reel, chokulungira chingwe, ntchito yake ndi kungotola chingwe chotsala. M'chisanu musaidumphitse, ingoikhwekhwerezani pansi. Mukachita kawiri katatu n'kuchoka pa chitsa, kulungani muponyenso, makamaka kuchokera mbali ina. Kukoka jigi m'madzi opanda chobisalamo ndi kutaya nthawi.

Kuluma kwa bass pa jigi sikufanana ndi kwa mlamba. Kamamveka kugogoda kamodzi, kuti "thi", kapena chingwe chimangolemera ngati chakola nsanza yonyowa, kapena kulemera kwa jigi kumangosowa. Nsombayi imayamwa nyambo yonse nthawi imodzi, ndipo ikamva mtovu imalavula msanga. Tsitsani ndodo, kulungani mpaka mumve kulemera, n'kukoka mwamphamvu kumwamba. Mukakayika, kokani basi. Ambiri amene amadandaula kuti zikungoluma osagwidwa amakhala kuti akukoka chingwe chili lende, mbedza yabuntha, kapena trailer yatsetsereka n'kudzaza pokhota pa mbedza. Yesani nsonga pa chikhadabo: ikatereka osakanda, inoleni ndi tupa yaing'ono.

Nsomba ikagwidwa, ichotseni pa zitsa nthawi yomweyo, musaipatse mpata wozunguliza chingwe. Ikafuna kudumpha, lozetsani ndodo pansi. Ikatuluka m'madzi n'kupukusa mutu, kulemera kwa mtovu ndi kumene kumazula mbedza. Poitulutsa gwirani mlomo wam'munsi ndi chala chachikulu, pakuti ilibe mano odula, ndipo yaikulu muichirikize pamimba ndi dzanja linalo. Kenako pititsani zala pa chingwe theka la mita kuchokera pa jigi. Pakamveka pokhakhala, dulani mumangenso.

Jigi ikakodwa musalimbane nayo, mungoikhomerera. Masulani chingwe, gwedezani nsonga ya ndodo pang'ono, kapena yendani m'mbali mwa damu mukakokere mbali imene inalowera. Ikakana, dulani. Kulowa m'madzi kukaiwombola sikoyenera: madzi oima a kuno amatha kukhala ndi nkhono za likodzo, ndipo matope a pansi pa damu amamiza mwendo.

Chisanu chikamatha, cha mu Ogasiti ndi Seputembala, bass zimabwera kosaya kudzaswana, ndipo yamphongo imalondera chisa. Imagwira jigi mosavuta pofuna kuichotsa pa mazira, koma mukaitenga mazirawo amadyedwa ndi nsomba zina, ndiye ibwezereni pomwepo. Ndipo bass yamoyo musaisamutsire ku damu lina kapena ku mitsinje ngati Ruo ndi Thuchila, chifukwa imadya matemba ndi ana a nsomba zimene anthu amadalira pa ndiwo.

Mukaweruka, vulani trailer pa jigi. Zambiri zimakhala ndi mchere m'kati, ndipo zikagonera pa mbedza yonyowa imachita dzimbiri. Zisungeni m'mapaketi awo, mtundu uliwonse pawokha chifukwa zimapakana utoto, komanso kutali ndi dzuwa la pagalasi la galimoto. Kalabala komanga siketi kamafumbwa ndi kutentha; kasanaduke, kulungani pamwamba pake kawaya kakopa kochokera m'chingwe chakale cha magetsi, kawiri, n'kupota nsonga ndi pulayala.