Mafani akuzungulira, sikirini ili bii

Ndinkamanga ndekha kompyuta. Purosesa, RAM ndi graphics card (kachipangizo kotulutsa zithunzi) zitamaliza kudya ndalama zanga, motherboard, bodi imene zonsezi zimakhalapo, inayenera kugulidwa ndi nyenyeswa zotsala. Ndinapeza ya B450 yogwirapo kale ntchito, yotchipa, ya timagetsi tosinthasintha mitundu m'mphepete. Wogulitsa anati, "Iyi ndi AM4, bwana, purosesa yanuyonso ndi AM4. Zikwatirana basi." Sananame. Purosesa yanga ya Ryzen 5 5600 inakhala bwinobwino pa soketi, mpando wake wa pa bodi, timapini tonse m'timabowo take.

Nditamanga zonse ndinaitana banja lonse lidzaonere. Batani dinu! Mafani anazungulira, timagetsi tinayamba kuvina, koma sikirini ili bii. Akazi anga anadikira ndithu, kenako n'kufunsa mwaulemu kwambiri, "Bambo, kompyuta ija ndi imeneyi, kapena mwatigulira nyali?"

Alamu anga, omwe zinthuzi amazidziwa, anangofunsa kamodzi pa foni: "BIOS yake ndi ya liti?" Ine duu.

Nkhani yake ndi iyi. BIOS ndi kapulogalamu ka m'bodi kamene kamadzutsa kompyuta n'kuzindikira purosesa. Soketi ya AM4 inayamba mu 2016, mabodi a B450 anatuluka mu 2018, pomwe ma Ryzen 5000 anabwera kumapeto kwa 2020. Bodi yakale imene BIOS yake sinasinthidwepo siimudziwa mlendo ameneyu, ngakhale atakwana pampando. Opanga mabodi amalemba pa intaneti mndandanda wa mapurosesa amene bodi iliyonse imalandira, ndi BIOS yofunika pa iliyonse. Mndandandawo ndi waulere, koma sumawala mitundumitundu.

Mankhwala ake ndi kuika BIOS yatsopano. Kuti uyiike, kompyuta iyake. Kuti iyake, ikhale ndi BIOS yatsopano. Mabodi ena ali ndi kabatani kumbuyo kotheketsa zimenezi ndi flash yokha popanda purosesa. Yanga inalibe. Ndalama ya kabatani anaithera pa timagetsi.

Alamu anabwera ndi Ryzen 3 2200G yakale, akuseka kuyambira pakhomo. Anachotsa graphics card, n'kuika purosesa yawoyo, n'kulumikiza chingwe cha HDMI chopita ku sikirini pa motherboard. Sikirini ngwee! Pamene BIOS imalowa anandichenjeza kuti magetsi akadukira pakati, bodi isanduka chokongoletsera khoma. Palibe anatsokomola m'nyumbamo mpaka zinatha.

Atatuluka kukayankha foni, ndinabwezera purosesa yanga ndi graphics card mwachangu, kuti ulemerero womaliza ukhale wanga. Batani dinu. Bii! Ndinagwira mutu. Mwana wanga wamng'ono anayamba kundisisita pamsana.

Alamu polowa sanalankhule. Anazula chingwe cha HDMI pa motherboard n'kuchitsitsira pa graphics card, ndipo chithunzi chinabwera pompo. Purosesa yawo ili ndi G kumapeto chifukwa imatulutsa yokha zithunzi. 5600 ilibe zimenezo, choncho bowo la pa motherboard limangokhala chabe.

Tinatseka kesi, zomangira zonse thi, zingwe zitakonzedwa mwaluso. Ndili mkati mofotokozera akazi anga kuti zonsezi zinali m'mapulani, mwana uja anatulukira pansi pa tebulo atanyamula kachitsulo kopyapyala ka mabowomabowo.

"Adadi, aka n'kachiyani?"

Kanali kotchingira kumbuyo kwa kesi, kamene kamalowa koyambirira motherboard isanamangidwe. Alamu anakayang'ana, anandiyang'ana, n'kuvula jekete.

"Alamu, bweretsani sikuludiraiva ija."