Matayala opyapyala m'sabata ya Anakubala ku Mangochi

Sabata ya tsiku la Anakubala, pa 15 Okutobala, ndi imene timaona galimoto zomwe chaka chonse sizifika pa shopu yathu ya matayala. Masiku wamba timadya za maminibasi a ku Liwonde ndi ku Monkey Bay, ma Sienta okwera ku Namwera, malole a nsomba ndi njinga zamoto za kabaza. Holide ikayandikira, anyamata a ku Blantyre ndi ku Lilongwe amatsikira kunyanja ndi tigalimoto tawo tokwawa pansi, tomwe tikafika pa hampu timawoloka chammbali ngati nkhanu. Mwezi umenewu dzuwa la ku Mangochi silinyengerera munthu, ndipo phula limakhala litapsa kale ikamakwana 10 koloko m'mawa.

Lolemba linapita ndi za masiku onse: kumata, kupopa, kusintha mavalavu, kulimbana ndi makondakitala pa mtengo.

Lachiwiri m'mawa panaima Toyota 86 yoyera. Mwini wake anatsika atakwiya kale. Tayala lakutsogolo kumanzere linali ndi chotupa m'mbali, chodzaza chikhatho.

"Achimwene, andigulitsa feki ku Limbe. Tayala ili silinathe ndi miyezi itatu yomwe."

Ndinagwada n'kuliyang'ana. Silinali feki. Saizi inali yake yeniyeni, 215/45R17, imene galimoto za mtunduwu zinabwera nayo zitayamba kutuluka mu 2012, ndipo tsiku lopangira linali laposachedwa. Koma pamlomo pa rimu, pomwepo pachotupa, panali popindika pang'ono. Nditamufunsa ngati anagwera m'dzenje, anavomera monyinyirika kuti dzulo lake usiku, pakati pa Zomba ndi Liwonde, anamva kugunda. "Koma silinali dzenje loti n'kuphera tayala latsopano. Minibasi inali patsogolo pangayo inadutsa pomwepo osamva kanthu."

Zoona, minibasi siingamve kanthu. Nambala ya 45 ija imatanthauza kuti msinkhu wa m'mbali mwa tayala ndi 45 peresenti ya m'lifupi mwake. Pa mamilimita 215, ndiye kuti pakati pa rimu ndi msewu pali mamilimita 97 okha, osakwana masentimita 10. Tayala la minibasi la 195R15 lili ndi masentimita oposa 15. Wilo ikamenya mlomo wa dzenje pa liwiro, labala wa tayala lopyapyala amapanikizika pakati pa chitsulo cha rimu ndi phula, ulusi wa m'kati umaduka, ndipo mpweya umakankha khungu lakunja lomwe latsala lopanda chogwira. Chotupa chimene mwini galimoto amachiona ndi malo amene ulusi watha. Opanga galimoto zothamanga sanalakwitse kuika matayala otere. Tayala lalifupi m'mbali siligwedera pokhota, limamvera chiwongolero msanga, ndipo rimu yaikulu imasiya malo a mabuleki aakulu. Anaganizira misewu yakwawo, osati yathu.

Mnyamatayo anapempha kuti tiike chigamba m'kati ndi chubu, angokafika ku loji. Alipo m'tauni muno amene akanamuchitira zimenezo mosavuta. Madala, eni shopu, omwe anayamba kukhula matayala nthawi ya Kamuzu, anadzuka pa benchi yawo.

"Bwana, chigamba chimatseka mpweya, sichilumikiza ulusi. Ngati mukufuna kumata, pitani kwina. Pano ayi."

Lamulo lathu ndi lomwe opanga matayala amanena: timamata bowo la pamalo oponda pansi basi, losapitirira mamilimita 6. M'mbali sitikhudza, chifukwa ndi mmene mumapindika wilo ikamazungulira, ndipo chigamba chilichonse chimamatuka tayala likatentha. Vuto linali loti saizi imeneyi ku Mangochi kulibe. Chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, palibe wa shopu amene angatsekere ndalama zake m'tayala logulidwa kamodzi pachaka. Sipeya nayenso munalibe. M'buti munali kabotolo ka mankhwala omatira ndi kapampu kamagetsi, monga zimabwerera galimoto zambiri za ku Japan masiku ano, ndipo zimenezo sizithandiza tayala lotupa. Tinaimba ku Blantyre, galimoto inagona pa shopu, mwini wake anapita kunyanja pa kabaza, chikwama chili pamiyendo.

Imene inandidya mutu kwambiri ndi ya Lachitatu. Inali Subaru Impreza WRX yabuluu, yongolowa kumene kudzera ku Dar es Salaam ndi pa Songwe. Mwini wake, bambo aulemu wawo ogwira ntchito ku Lilongwe, anali atapita kukaona achibale ku Namwera. Potsika mapiri a Chowe kubwerera pa mlatho wa Bakili Muluzi, galimoto inkawayandama m'makona, ndipo akaponda buleki inkapitirira pomwe amafuna kuima. Iwo ankaganiza kuti ndi alaimenti kapena mashoka. Za matayala sankafuna n'kumva komwe.

"Taonani mizere yake, achimwene. Chala chikulowa. Matayala awa ndi atsopano, ndipo COF ndatenga mwezi watha."

Mizere inalidi yakuya, kutali kwambiri ndi timapiri ta mamilimita 1.6 tomwe timasonyeza kuti tayala latha. Koma pamwamba ponse panali timing'alu tokhotakhota tochita kudulidwa ku fakitale, ndipo m'mbali munalembedwa kuti STUDLESS. Awa ndi matayala oyendera pa chipale chofewa. Ma Subaru amakondedwa kumpoto kwa Japan, monga ku Hokkaido, ndipo ambiri amagulitsidwa pa okushoni atavala matayala a nyengo yozizira, n'kukwera sitima choncho. Labala wake anapangidwa kuti akhale wofewa kukazizira kutsika pa madigiri 7. Pa phula la kuno la mu Okutobala amafewa mopitirira, timabuloko ta pamwamba timapindika galimoto ikakhota, mtunda woimira umatalika. Chilembo cha liwiro pa matayalawo chinali Q, kutanthauza makilomita 160 pa ola, pomwe tayala loyenera galimoto ngati iyi limakhala la V kapena W, la 240 kapena 270. Sikuti pali amene akuyenera kuthamanga choncho pa msewu wa M3. Chilembocho chimakuuzanso za mmene tayala limapiririra kutentha, ndipo kuno kutentha ndiye nkhani yake.

Kenako ndinawaonetsa manambala anayi a m'kabokosi kozungulira m'mbali mwa tayala. Chiyambire chaka cha 2000, awiri oyamba ndi sabata, awiri omaliza ndi chaka chimene tayala linapangidwa. Pa lawo panalembedwa 2315: sabata ya 23 ya 2015. Labala amakalamba ngakhale galimoto itangoima m'galaja. Pansi pa mizere yakuya ija panali timing'alu tina tomwe si ta ku fakitale, ta kuuma. Makampani ena a galimoto amati musinthe pakatha zaka 6, ndipo kampani ya matayala ya Michelin imati tayala likakwana zaka 5 lizionedwa chaka ndi chaka, likafika 10 lichotsedwe ngakhale likuoneka bwino. Galimoto zothamanga ndi zimene zimapusitsa kwambiri pa nkhaniyi, chifukwa eni ake oyamba amazitulutsa Loweruka ndi Lamlungu lokha, ndiye mizere siitha koma zaka zikupita.

Anthu okonda galimoto zotere amamudziwa Paul Walker, katswiri wa mafilimu wa ku America amene anafa mu Novembala 2013 ku Santa Clarita, California, ali mu Porsche Carrera GT yomwe ankayendetsa mnzake Roger Rodas. Ofufuza ananena kuti chinawapha ndi liwiro, pakati pa makilomita 130 ndi 150 pa ola pamsewu wa m'tauni. Anapezanso kuti matayala a galimotoyo anali a zaka pafupifupi 9, pa galimoto yomwe inkayenda mwa apo ndi apo. Nditawakumbutsa zimenezi, bambo aja anasiya kuloza mizere. Anafunsa ngati angasinthe awiri okha. Pa galimoto ina ndikanawauza kuti atsopano apite kumbuyo, chifukwa kumbuyo kukaterereka galimoto imazungulira ndipo chiwongolero sichingakupulumutse. Koma Subaru imakoka ndi mawilo onse anayi nthawi zonse, ndipo matayala osiyana kukula amavutitsa difu yapakati, chipangizo chogawa mphamvu ku mawilo akutsogolo ndi akumbuyo. Anayi onse, kapena asiye. Anati akaganize.

Lachinayi magetsi anazima kuyambira m'mawa, tinagwirira jenereta. Panabwera Altezza yomwe wina m'mbali mwa msewu anaiveka matayala olozera mbali imodzi chagada, muvi ukuloza kumbuyo. Kukauma sudziwa, koma mvula ya mu Novembala ikagwa mizere yotere imakokera madzi pansi pa tayala m'malo mowatulutsa. Tinangosinthanitsa mawilo, la kumanja kupita kumanzere.

Tsiku lomwelo ndinaletsa mnyamata wathu wophunzira ntchito kuphwetsa matayala a Mark X yongofika kumene kuchokera ku Balaka. Dalaivala anaona geji ikuwerenga 2.8 ndipo anachita mantha kuti aphulika. Chikhulupiriro chimenechi n'chofala kuno, choti kukatentha uchepetse mpweya. Nambala ya mpweya yolembedwa pa chipupa cha chitseko cha dalaivala ndi ya tayala lozizira. Tayala likayenda ulendo wautali mpweya umakwera wokha, ndipo opanga anawerengera kale zimenezo. Ukaliphwetsa lili lotentha, m'mawa mwake limapezeka lili pansi, ndipo tayala lochepa mpweya ndi limene limapindika kwambiri, kutentha kwambiri, mpaka chipepa cha pamwamba kusendeka. Ku America mu Ogasiti 2000, kampani ya matayala ya Firestone inabweza matayala 6.5 miliyoni, ambiri a pa Ford Explorer, atayamba kusendeka makamaka m'madera otentha a kumwera kwa dzikolo. Makampani awiriwo analozana zala, ndipo imodzi mwa mfundo zomwe ankakangana inali mpweya: Ford inkati 26 psi, Firestone inkati 30. Pa geji yathu ndi kusiyana kwa 1.8 ndi 2.1 basi. Nkhani imeneyo ndi imene inabala lamulo loti galimoto zatsopano kumeneko zikhale ndi nyali yochenjeza za mpweya kuyambira mu 2007. Pa tayala lopyapyala maso sathandiza n'komwe: likhoza kutaya theka la mpweya n'kumaonekabe bwino, ndipo kuligogoda ndi sipanala, monga amachitira a minibasi, n'kungodzinamiza.

Lachisanu timatseka masana kuti madala ndi anyamata apite kumzikiti. Pobwerera tinapeza BMW Z4 ikutidikira, mayi wina wachitsikana atakhala pamthunzi, mwamuna wake akuzungulira galimoto. Nyali ya mpweya inayaka akunyamuka ku Cape Maclear, koma poti ndi matayala a run-flat, oyenda opanda mpweya, anangopitiriza. Ndinamufunsa liwiro. Anaseka, nati mwina 120 m'malo owongoka. Ambiri opanga matayala amenewa amati usapitirire makilomita 80 pa ola, ndipo mtunda wake ndi wa makilomita 80 omwewo, ongokufikitsa pa shopu. Kuchokera ku Chembe, mudzi wa ku Cape Maclear, kufika pa boma mtundawo unali utadyeka kale pafupifupi wonse.

"Msomali ndi uwu, uli pakati penipeni. Mateni basi, tayala lili bwinobwino."

Kunja linalidi bwino. Tinalimbana nalo pa makina, chifukwa m'mbali mwake ndi molimba moti ukachita matama umakanda rimu ya eni ake, ndipo litatuluka ndinalipendeketsa pamaso pake. Munatuluka zinyenyeswa zakuda zodzaza manja awiri. Ndi labala wa m'kati amene anaperesekera panjira ponyamula galimoto popanda mpweya. Mayi uja ndi amene anayankhula: "Ndinakuuzani kuti tiime pa Monkey Bay." Tayala lakumbuyo la galimoto yawoyo linali lotambalala kuposa lakutsogolo, ndiye panalibe zosinthanitsa, ndipo sipeya galimoto zimenezi sizibwera naye. Anaitanitsa lole yonyamula galimoto, iwo n'kukwera kutsogolo ndi dalaivala.

Tayala la Toyota 86 linafika Loweruka m'mawa pa minibasi, litamangidwa kumbuyo limodzi ndi matumba a kabichi. Rimu tinali titaiwongola kale. Tinalikhoma, kulibalansa, kupopa 2.4 monga palembedwera pa chitseko. Lotupa lija madala analicheka m'mbali ndi mpeni mwini wake akuona. Amatero nthawi zonse, chifukwa tayala lotayidwa lathunthu limapezeka pamsika wa kaunjika litapakidwa polishi, pomwe lochekedwa limapita kwa odula malegeni ndi omanga m'mbali mwa maboti.

Masana bambo a Subaru anabwera ndi matayala anayi oyenera, omwe mlamu wawo anawatumizira kuchokera ku Lilongwe. Titamaliza, madala anatenga mpeni wawo kulunjika pa akale aja.

"Ayi madala, amenewo musadule. Mizere yonseyi? Alipo amene awagule ku Biwi ku Lilongwe."

Madala anawapempha kuti awagule iwo pa mtengo wa malegeni. Ine ndinawakumbutsa zomwe anaziona okha pa Chowe, ndi kuti wogulayo mwina adzakhala wa takisi wonyamula anthu. Bambowo anamvetsera mwaulemu, nati adzamuuza wogulayo zonse. Anatipatsa ya fanta pamwamba pa malipiro, mnyamata wathu anawathandiza kulonga awiri m'buti ndi awiri pampando wakumbuyo, ndipo analowera njira ya ku Golomoti.