Mzere wa sampulo ukayamba kufalikira

Sabata ino yathera pa maikulosikopu, m'chipinda chozimitsa nyali, ndikuyang'ana kamzere kobiriwira pa kompyuta. Tikuyesa chip yagalasi ya free-flow electrophoresis, njira yolekanitsa ma molecule ndi magetsi madzi akuyenda mosalekeza. Mkati mwake muli kachipinda kotakata pafupifupi sentimita imodzi, koma kuya kwake ndi ma micrometre 20 okha (milimita imodzi ili ndi ma micrometre 1,000). Pampu imakankha buffer (madzi okhala ndi mchere woletsa kuti asidi wake asasinthe) motsata utali wake, sampulo imalowera pakangalande kopyapyala, ndipo magetsi amadutsa mopingasa. Molecule iliyonse imapatuka malinga ndi chaji ndi kukula kwake, mzere umodzi n'kugawikana kukhala ingapo. Raymond, Manz ndi Widmer anapanga chip yotere pa silicon mu 1994, ndipo vuto la kufalikira kwa mizere lidakali nafe mpaka lero.

Lolemba linapita ndi thovu. Pa ma electrode, tizitsulo tolowetsa magetsi, madzi amasweka, hydrogen mbali ina, oxygen mbali inayo, ndipo kathovu kamodzi kakalowa m'kachipindako mzere wonse umagwedezeka. Mbali ya anode, komwe kumatuluka oxygen, madzi amasanduka asidi, ndipo fluorescein, utoto wowala mobiriwira umene tikuyesa, ikayandikira kumeneko imazilala. Tinawonjezera liwiro la buffer m'ngalande za ma electrode, zinthu n'kukhazikika.

Nkhani yeniyeni inabwera Lachitatu. Mizere ya fluorescein ndi utoto wina wotchedwa rhodamine inali itapatukana, koma pofika kumapeto inkatakata mpaka kukhudzana. Mnzanga amene wayamba kumene ntchitoyi anati, "Bwanji tiwonjezere volteji, zitalikirane?" Ndinamuuza kuti ayese yekha aone. Mizere inatalikiranadi, koma uliwonse unanenepa, ndipo mbali imodzi inakoka mchira.

Chimene chimachititsa ndi kayendedwe ka madzi. Pakati pa magalasi awiri madzi sayenda liwiro limodzi: pakatikati amathamanga kamodzi ndi theka kuposa liwiro la avereji, pomwe pafupi ndi galasi amangokwawa. Molecule imene ili m'mphepete imachedwa, imakhalitsa m'magetsi, choncho imapatuka kwambiri kuposa inzake ya pakati. Mutati mudule mzerewo n'kuuyang'ana m'mbali, ungaoneke wopindika ngati mwezi wongokhala kumene. Mzere ukapatuka mtunda wautali, kufalikira kumeneku kumakulanso.

Tinabweza volteji n'kuchepetsa liwiro la pampu. Apa diffusion inatenga malo. Molecule zimamwazikana zokha, ndipo nthawi ikachuluka kanayi mzere umatakata kawiri. Chondisangalatsa n'chakuti diffusion yomweyo ndi imene imatipulumutsa ku vuto la kayendedwe ka madzi lija. M'kachipinda ka ma micrometre 20, fluorescein imayenda kuchokera pagalasi la pansi kufika la pamwamba m'theka la sekondi, motero molecule iliyonse imalawako madzi othamanga ndi okwawa omwe, kusiyana n'kuchepa. Ndiye pali liwiro lina pakati pomwe mzere umapyapyala kwambiri, ndipo Lachinayi lonse tinalifunafuna, kujambula ndi kuyeza kutakata kwa mzere pa liwiro lililonse.

Panatulukanso china. Sampulo ina inali ndi mchere wochuluka kuposa buffer, ndipo mzere wake unasokonekera ungolowa kumene, chifukwa magetsi sadutsa mofanana m'madzi awiriwo. Tinaisungunula mu buffer yomweyo, basi.

Lachisanu tinaika protein. Liwiro lomwe linkakomera utoto uja silinagwirenso ntchito, poti molecule yaikulu imamwazikana pang'onopang'ono ndipo sipeza mpata woyendera kuya konse isanatuluke. Ine ndimaona kuti anthu amathamangira volteji chifukwa ndi yosavuta kusintha, pomwe chofunika kwambiri ndi kuya kwa kachipindako, kumene kumasankhidwa chip isanapangidwe. Mukachepetsa kuyako ndi theka, liwiro la madzi n'kukhala lomwelo, kufalikira kobwera ndi kayendedwe ka madzi kumatsikanso ndi theka. Koma kuti madzi ochuluka chimodzimodzi adutse pamafunika pressure yochuluka kasanu ndi katatu, ndipo kuwala kumachepa poti utoto wojambulidwa ndi wochepa. Ndalemba pempho la ma chip a ma micrometre 10, pamodzi ndi zolumikizira mapaipi zolimba kuposa zimene tili nazo.