Kubayitsa galu ndi mphaka katemera wa chiwewe kuno ku Dedza: imbani foni musananyamuke

Galu wanga Sakhuta wabayidwa, pusi nayenso wabayidwa, makhadi onse awiri ali m'manja. Koma ndikulemba izi mtima usanaphwe, chifukwa ntchito yosatha ndi mphindi zisanu yandidyera tsiku la msika lathunthu, katundu wanga osagulitsa ndi m'modzi yemwe. Amene muli ndi galu kapena mphaka kuno ku Dedza, kaya mbali ya Ntcheu, ndipo mukufuna katemera wa chiwewe nyengo ya kampeni isanakwane, mvetserani.

Pezani kaye nambala ya mlangizi wa ziweto wa m'dera lanu. Ndikunena nambala ya munthuyo, osati ya ofesi. Madera a zaulimi aja amati EPA, monga Linthipe, Lobi, Mayani, Bembeke, mpaka Golomoti kumunsi kuja, amakhala ndi munthu woona za ziweto, amene tonse timangoti a vetenale. Nambala yawo musakaifune pa khoma la ofesi. Funsani anyamata opha mbuzi ndi nkhumba pamsika, chifukwa nyama yawo amayeza ndi a vetenale omwewo, ndiye nambala amaidziwa pamtima. Mukaipeza imbani, funsani zinthu zitatu: katemera alipo, iwowo adzakhalapo, ndipo akufuna agalu angati kuti atsegule botolo. Funso lachitatulo ndi limene palibe anandiuza.

Chimene chinandiutsa n'choti kumudzi woyandikana nafe kunadutsa galu wachilendo, dovu lili chuchuchu, akuluma chilichonse, mbuzi, nkhuku, ngakhale mtengo wa mpanda. Anthu anamupha ndi miyala. Kuno sizachilendo. Msewu wa M1 kuchokera cha ku Lizulu kutsikira ku Biriwiri umayenda m'malire enieni, tsidya linalo ndi Mozambique, ndipo galu safunsidwa chiphaso podumpha msewu. Kumapiri kuno kulinso nkhandwe. A bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO amati chiwewe chimapha anthu pafupifupi 59,000 chaka chilichonse padziko lonse, pafupifupi onsewo atalumidwa ndi galu, ndipo mwa anthu khumi alionse anayi amakhala ana osakwana zaka 15. Zizindikiro zikangoyamba kuonekera, palibe chipatala chomwe chingachize. Kwathu ana amagawana mkute ndi Sakhuta pakhonde, ndiye sindikanadikira mwezi wa Seputembala, pamene kumakhala tsiku loganizira za chiwewe pa 28, ndi kampeni yomwe imabwera cha m'nyengo imeneyo ngati katemera wapezeka.

Za kayendedwe ndingodutsa msanga. Kondakitala wa minibasi akangoona galu amatseka chitseko. Wa kabaza amavomera, koma mtengo amauwirikiza, akuti wanyamula anthu awiri. Galu mumukhazike pakati, miyendo yakutsogolo pamwendo panu, chingwe chifupi kuti chisakodwe m'sipoko. Mphaka musamuike m'thumba la feteleza, amabanika ndipo akatuluka amakhala wolusa. Katoni yoboola timabowo, yomanga bwino ndi luzi, imakwanira.

Tsono tsiku lija. Ofesi yake sindiitchula, anthu ake timakumana nawo m'maliro. Ndinafika kukadali nkhungu, kuzizira kwa mu Juni kuja koti zala zimakana kumasula chingwe. Chitseko chinali chotsegula, mkati muli mayi wina akulemba m'kaundula, panja mlonda akuothera kadzuwa.

"Mwadzuka bwanji, mayi? Ndabwera ndi galu, ndikufuna katemera wa chiwewe."

"Khalani pabenchipo, bambo. A dokotala angotuluka pang'ono, akubwera."

Ndinakhala. Sakhuta anagona pansi pa benchi, pusi m'katoni akulira ngati mwana wakhanda. Alimi anabwera, anafunsa za mbewu, anapita. Wina anabwera ndi nkhani ya nkhumba zomwe zikufa, anauzidwanso kuti akhale pabenchi. Dzuwa linafika pamutu. Ndinabwereranso kwa mayi uja.

"Pepani mayi, kodi apita kutali?"

"Iii, ali ku msonkhano ku boma. Koma akubwera."

Msonkhano wa ku boma ndi "angotuluka pang'ono"? Mlonda ndi amene anandikokera pambali n'kundinong'oneza kuti ngakhale atabwera, katemera sasungidwa pamenepo, chifukwa firiji yawo inasiya kugwira ntchito. Amakasungitsa kwina, ndipo kiyi wa kumeneko ali ndi munthu wina amene tsiku limenelo anapita kukaika maliro. Ndinadikirabe poti ndalama ya kabaza inali itapita kale. A vetenale anatulukira dzuwa litapendeka, fumbi thupi lonse, ndipo kunena zoona ndi munthu waulemu. Anamugwira Sakhuta m'makutu, anamuyang'ana m'kamwa, kenako anati:

"Achimwene, galu wanu ali bwino. Koma botolo limodzi ndi la agalu khumi. Ndikalitsegula chifukwa cha galu mmodzi ndi mphaka, wotsalayo awonongeka. Kasonkhanitseni anzanu, mukandiimbire, ndibwera komweko."

Mawu amenewa ndi oona, sindikutsutsa. Katemera amafunika kukhala pozizira, ndipo botolo likabooledwa silisungika. Chimene chinandiwawa n'choti mawu omwewo akanatha kunenedwa m'mawa kukadali nkhungu. Mayi uja ankadziwa. Mlonda ankadziwa. Koma munthu akhale pabenchi tsiku lonse ndi nyama ziwiri zanjala chifukwa palibe wofuna kunena kuti lero sizitheka. Kodi kulemba pepala n'kumata pachitseko kuti "katemera wa chiwewe, bwerani agalu khumi, imbani nambala iyi" kumafuna bajeti ya ku Capital Hill? Mu 2015 bungwe la Mission Rabies linabaya agalu opitirira 35,000 mumzinda wa Blantyre m'masiku 20 okha ogwira ntchito. Ife kuno galu mmodzi wagona pansi pa benchi mpaka madzulo osabayidwa.

Ndiye ndikubwereza: imbani foni musananyamuke.

Ndisanaiwale, galu amayamba kubayidwa akakwana miyezi itatu. Ana agalu ongobadwa kumene musavutike nawo kuwanyamula pa kabaza pokhapokha a vetenale atanena okha. Ndipo ngati galu wanu waonda, mimba yokha ili tuu, ubweya wanyankhalala, yambani mwamupatsa mankhwala a njoka zam'mimba. Amapezeka m'masitolo ogulitsa mankhwala a ziweto pa boma, ndipo amaperekedwa molingana ndi kulemera kwa galuyo, ndiye muuzeni wogulitsayo kukula kwake, osangotola.

Kusonkhanitsa agalu khumi kunali ntchito inanso. Ndinayambira kwa a mfumu, chifukwa popanda mawu awo anthu amaganiza kuti pali ndalama imene ukudyapo. Anauza mnyamata wawo kuti alengeze madzulo. Amayi anavomera msanga, poti ndi amene amathamanga ndi ana kuchipatala zikavuta. Ovuta anali anyamata osaka akalulu. Akuti galu wobayidwa amafooka, sathamanga, amasiya kuuwa akuba, wina mpaka anati wamkazi sabereka. Zonsezo ndi nkhambakamwa. Katemera safoola galu. Chimene chimafoola agalu a kuno ndi njala, nkhupakupa ndi njoka zam'mimba. Koma anyamatawa simungawasiye, chifukwa agalu awo ndi amene amalowa m'tchire kukumana ndi nkhandwe, ndipo akadaulo amati chiwewe chimasiya kufala pokhapokha agalu 70 mwa 100 alionse m'dera atabayidwa. Kubayitsa wanu yekha kumateteza nyumba yanu, koma mwana wanu amadutsa pa nyumba za ena popita kusukulu. Mmodzi anandimvera nditamukumbutsa kuti galu wake akadzaluma mwana wa eni, mlandu udzafika kwa a mfumu ndipo mbuzi idzachoka m'khola mwake.

Za ndalama. Pa kampeni ya boma ife sitinkalipira, koma ukaitanitsa wekha pamakhala ya katemera ndi ya mafuta a njinga yamoto. Ya mafuta sindiikana, munthuyo amayenda mtunda wautali m'misewu yokumbika, ndipo chigwetsereni kwacha mu Novembala 2023 palibe chimene chinatsika mtengo. Koma mugwirizane pafoni kuti zonse pamodzi ndi zingati, mugawane ndi anzanu, ndipo mutolere ndalamazo tsikulo lisanafike. Patsiku lenilenilo aliyense amakhala "ndiiwala chikwama kunyumba". Funsaninso lisiti. Ine nditafunsa anandiyang'ana kaye, koma analemba.

Tsiku lobaya zinthu zinayenda mofulumira moti zinandikwiyitsanso ndikakumbukira benchi lija. Tinakumana pansi pa mtengo pafupi ndi bwalo la mpira. A vetenale anabwera ndi kabokosi kozizira atamangirira kumbuyo kwa njinga, mkati muli madzi oundana ndi botolo laling'ono losaposa chala chachikulu. Yang'anani kabokosi kameneko. Munthu akakutulutsirani katemera m'thumba la malaya, kanani, ameneyo ndi madzi chabe. Anandiuza kuti ndimupanire Sakhuta pakati pa miyendo, dzanja limodzi pansi pa chibwano. Iwo anatsina chikopa cha pakhosi, kuchikoka pang'ono, singano n'kulowa. Sakhuta sanalire n'komwe, maso ake anali pa kabonya kamene mwana wanga anamugwirira kutsogolo. Pusi ndiye anachita nkhondo. Tinachita kumukulunga m'chitenje, mutu wokha ndi khosi zili panja, mayi a kunyumba atamukumbatira, komabe anasiya mizere itatu pamkono wawo. Agalu muwatalikitse, aliyense pa chingwe chake, agalu amuna akuluakulu abayidwe koyamba n'kuchoka, apo ayi pabwalo pabuka ndewu.

Kenako khadi. Apa ndi pamene muyenera kuuma mutu. A vetenale anati makhadi anatha, alemba mayina m'kope mwawo basi. Kope lawo silingakuthandizeni usiku galu wanu akaluma munthu. Ndinawapempha kuti alembe ngakhale papepala wamba: dzina langa, dzina la galu, mtundu wa ubweya wake, tsiku, nambala ya pabotolo ndi saini yawo, ndipo chidindo ndinakadinditsa ku ofesi. Makhadi enieni anapezeka pambuyo pake, ndinakasinthitsa, ndipo ulendo umenewo ndinayamba ndaimba foni. Galu akaluma munthu funso loyamba la aliyense, makolo a mwanayo, a mfumu, a chipatala, limakhala loti kodi ndi wobayidwa, ndipo pakamwa pokha sakukhulupirirani.

Pamenepa ndiwonjezere zimene a vetenale anauza gulu lonse, poti ambiri sitichita. Munthu akalumidwa kapena kukandidwa, tsukani balalo ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, nthawi yomweyo, musanayambe kukangana kuti galu ndi wa ndani. Osapaka tsabola, mchere kapena ubweya wa galuyo wowotcha. Kenako thamangirani kuchipatala. Kawirikawiri kumeneko amafuna kalata ya a vetenale asanayambe jakisoni, ndiye apanso nambala ija ikugwira ntchito. Galu wodziwika mwini wake musamuphe, mumangeni kwa masiku 10 mukumupatsa chakudya ndi madzi, a vetenale aone ngati asintha. Koma wolumidwayo asadikire masiku 10 amenewo ali kunyumba.

China chimene ndinaona pabwalo paja: agalu ambiri makutu odzaza nkhupakupa, ena mphere mpaka chikopa kuuma. Anthu amatenga mankhwala a dibi ya ng'ombe n'kuthira mongoyerekeza. Funsani mlingo kwa a vetenale akadali pomwepo, ndi ulere. Mphaka ndiye musamuyandikize n'komwe mankhwala a agalu kapena a ng'ombe, amadzinyambita ndipo ena mwa mankhwalawo amamupha. Panado nayenso amapha mphaka, ngakhale kachidutswa. Ndipo amene mumathira tameki pofuna makoswe m'nkhokwe, dziwani kuti khoswe wofa ndi poizoni akadyedwa ndi pusi wapita naye.

Pa chakudya sindikhala wa mawu ambiri. Galu wongodya mkute ndi madzi otsukira mbale sakhala ndi thupi. Phala la mgaiwa kapena madeya, kuthiramo bonya wosinja pang'ono, osathira anyezi, limamusintha m'masabata ochepa. Mafupa a nkhuku ophika amathetheka n'kubaya m'matumbo. Ndipo kuzizira kwa ku Dedza kuno galu amakumva ngati ife, muyalireni chiguduli pakhonde pomwe mphepo sifika, mumumasulenso tcheni madzulo kuti ayende nanu ku dimba. Galu wokhalira pa tcheni usana ndi usiku ndi amene amadzaluma mwana wa pakhomo pomwepo.

Katemerayu ndi wa chaka ndi chaka, tsiku lobwereza analilemba pakhadi. Chatsala kwa ine ndi kutseketsa pusi, chifukwa ana ake ndatopa kuwafunira kokhala. Kufula galu wamwamuna ena mwa a vetenale amatha konkuno, koma kutseka yaikazi ndi opaleshoni yeniyeni, ndipo malo amene ndikuwadziwa ndi a bungwe losamalira nyama la LSPCA ku Lilongwe, mtunda wa makilomita opitirira 80 kuchokera pa boma. Kumeneko sindikwera galimoto ndisanamve ndi khutu langa pafoni kuti dokotala alipo, tsiku lake ndi liti, ndipo ndi ndalama zingati.