Mmene ndinasiyira kutaipa ma tag pamanja

Pa fakitale ina yopanga zakumwa anandituma kulumikiza PLC (kakompyuta koyendetsa makina) ya Siemens S7-1500 ku kompyuta ya SCADA imene ma opareta amaonerapo makina. Mapampu ndi mamota analipo oposa 40, ndipo chilichonse chinali ndi ma tag ake, mayina a deta yosonyeza mmene chilili: chayaka, chazima, chavuta, liwiro, maola amene chagwira ntchito. Kutaipa zonsezo pamanja ndi ntchito ya sabata yathunthu, ndipo ukaphonya kachilembo kamodzi, pampu imaoneka yozima pomwe ikutulutsa madzi. Ndinasankha kuti pulogalamu iwerenge yokha zomwe zili mu PLC n'kupanga ma object, oimira pampu kapena mota iliyonse mu SCADA.

Ndinayambira mu TIA Portal, pulogalamu ya Siemens yokonzera PLC. S7-1500 ili ndi seva ya OPC UA (njira imene makina amatumizirana deta) m'kati mwake kuyambira firmware 2.0, koma umayenera kuiyatsa ndi kusankha laisensi yake. Pa data block iliyonse, malo osungiramo deta mu PLC, ndinaonetsetsa kuti bokosi la "Accessible from HMI/OPC UA" lachongedwa. Kenako ndinatsegula UaExpert, pulogalamu yoonera zomwe zili mu seva ya OPC UA, pa laputopu n'kulowera pa port 4840 kuti ndione kaye ndi maso anga.

Kulumikiza kunakanika. Uthenga unali BadCertificateTimeInvalid, kutanthauza kuti nthawi ya satifiketi yachitetezo sikugwirizana ndi wotchi. Ndinapanganso satifiketi kawiri, osaphula kanthu, mpaka ndinayang'ana wotchi ya PLC: inali kumbuyo zaka zingapo chifukwa sindinaikonze. Nditaikonza, zonse zinatseguka.

Sikiripiti yanga ya Python, yogwiritsa ntchito laibulale ya asyncua, inali yaifupi. Imayendera node iliyonse (chinthu chilichonse chimene seva imaonetsa) mu namespace 3, gawo la seva kumene Siemens imaika deta ya pulogalamu, imafunsa mtundu wake, ndipo ikapeza mtundu womwe waupeza kale imapanga object ina ya kalasi yomweyo. Mamota anatuluka bwino, onse ofanana, chifukwa amene anawalemba anagwiritsa ntchito UDT imodzi, mtundu wa deta umene umaupanga wekha kuti zinthu zofanana zikhale ndi ma tag ofanana.

Mapampu ndiwo anandidetsa nkhope. Amene anawalemba kale sanapange UDT. Pampu ina inali Pampu1_On, ina P2_run, ina M_PMP3. Sikiripiti sidziwa kuti zitatuzi ndi zinthu za mtundu umodzi, ndiye inangotulutsa mulu wa ma tag obalalika monga mmene analiri. Ndinayesa kuiphunzitsa kulosera mayina, koma ndinasiya: tsiku limene ingalose molakwa, opareta adzazimitsa pampu yolakwika.

Ndinabwerera mu TIA Portal, n'kupanga UDT imodzi ya pampu ndi kusamutsira zonse m'menemo. Apa pali msampha wina. NodeId ya Siemens, adiresi ya node, imakhala ndi dzina lenilenilo, ngati ns=3;s="DB_Pampu"."P1"."Run", choncho ukasintha dzina, chilichonse chomwe chimawerenga dzina lakalelo chimaduka. Ndinadikira Lamlungu, mzere wopangira zakumwa utaima, kuti nditsitsire pulogalamu yatsopano mu PLC, ndikuyendetsanso sikiripiti. Mkulu wa shifiti anayatsa mapampu limodzilimodzi, ine ndikuyang'ana pa sikirini, ndipo pa pampu yachisanu ndi chiwiri tinapeza kuti mawaya a chizindikiro cha vuto anasemphana ndi a pampu yoyandikana nayo. Imeneyo inali ntchito ya sikulu dalaiva.